KAUFITI AMADZIWA BWANJI KUTI CIMANGA CABZALIDWA?

M'mwezi wa February, pamene cimanga cayamba kumasula, mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke amene munda wace watopa amaona timaluwa tofiira tikuturuka m'munsi mwa mapesi. Cimanga cimene timaluwato tazinga cimakhala copinimbira, masamba ace ofota ngati kuli ng'amba, cinkana mvula inagwa dzulo lomwe. Makolo athu anayang'ana cinthu cimeneci nacipatsa dzina lakuti kaufiti, ndipo sanalakwe kweni kweni, pakuti cimanga cimayamba kudwala kaufitiyo asanaonekere pamwamba pa nthaka. Angelezi nawonso m'cinenero cao anampatsa dzina la tanthauzo lomwelo.

Tsiku lina tinali pa msonkhano wa alimi pamodzi ndi mlangizi wa zaulimi, ndipo mkuru wina anaimirira nafunsa kuti, “Inu a Boma, tatiuzani. Munda wanga ndinaugoneka zaka zitatu, kaufiti sanaoneke. Caka cimene ndinabzalamo cimanga, iye anadzaza munda wonse. Kodi anamuuza ndani kuti cimanga cabwera?” Anthu anaseka, koma ife sitinaseke ai, pakuti funso limeneli ndilo linasautsa anthu ophunzira a maiko ambiri kwa zaka zoposa 50. Yankho lace nlakuti cimanga comweco ndico cimamuuza. Koma kuti anthu afike pogwira mau amene cimanga cimanena pansi pa nthaka, panafunika makina odabwitsa, ndipo za makina amenewo ndizo tifuna kulongosola lero.

MBEU YODIKIRA KUITANIDWA

Mbeu ya kaufiti njaing'ono monga pfumbi. Mbeu zinai kapena zisanu zondandalikidwa sizipitirira milimita imodzi. Tsinde limodzi limabala mbeu zikwi makumi ambiri, ndipo zikagwa m'nthaka zikhoza kukhala zamoyo zaka 10 kapena kuposapo. Popeza njaing'ono comweci, iribe kamba wokwanira ulendo. Ikamera, iyenera kupeza muzu wa cimanga, mapira, mcewere kapena mpunga pasanapite masiku owerengeka, ndipo muzuwo ukhale pafupi, mamilimita pang'ono cabe. Ikalephera kuupeza, imafa. Cotero mbeu imene ingangomera cifukwa ca mvula yokha, monga acitira bonongwe ndi cisoso, ikadzipha yokha. Mbeu ya kaufiti imayamba yanyowa m'nthaka yofunda sabata imodzi kapena ziwiri, kenaka nkungokhala cete kudikira cizindikiro. Cizindikiroco cikapanda kufika, imagonanso mpaka dzinja lina.

Cikafika, imaturutsa kamuzu kamene kamamatira pa muzu wa cimanga, kuuboola, ndi kuyamba kuyamwa madzi ndi cakudya. Imacita zimenezi pansi kwa masabata angapo isanaturutse tsamba ngakhale limodzi. Mlimi akamaona maluwa, mbala yatha kale kututa.

Wofiira amene tiri naye kuno ophunzira amamucha Striga asiatica. Ku Kenya, ku Ethiopia ndi ku maiko a kumadzulo kwa Africa kuli mkuru wace wa maluwa ofiirira, Striga hermonthica, wotalika ndi woononga koposa.

M'caka ca 1956 kaufiti wathu yemweyu anapezeka m'minda ya cimanga ku North Carolina ndi ku South Carolina, m'dziko la America, kumene sanali kudziwika kale. Boma la kumeneko linacita mantha, linatsekereza maboma onse ogwidwa, ndipo linaturutsa ndarama zambiri zofufuzira, pakuti malo ogwidwa anafika maekala oposa 400,000. (Tinganene mopanda nsanje kuti udzu umene unasautsa agogo athu zaka mazana ambiri unayamba kufufuzidwa mwamphamvu pamene unalowa m'munda wa munthu wolemera.) M'caka ca 1966 Bambo C. E. Cook ndi anzace anakhoza kupatula, kucokera m'madzi otsuka mizu ya thonje, mankhwala amene amadzutsa mbeu ya kaufiti, nawacha strigol. Mapangidwe ace eni eni anawalongosola mu 1972. Pambuyo pace anapezeka ena a mtundu womwewo m'mapira, m'cimanga, mu mpunga ndi m'mbeu zina, ndipo banja lonselo likuchedwa strigolactone.

Bvuto linali kucepa kwace. Muzu umaturutsa mankhwala amenewa pang'ono kotero kuti palibe sikelo ya m'sitolo, kapena ya m'cipatala, imene ingawamve. Ndiponso sakhalitsa, m'madzi ndi m'dothi amaonongeka msanga. Kwa zaka zambiri njira yopimira inali yofunsa kaufiti mwini wace: kuthira madzi a ku mizu pa mbeu zace ndi kuwerenga zimene zamera. Njira imeneyi imauza munthu kuti cizindikiro ciripo, koma siinena kuti ndi citi, kapena ncambiri bwanji.

SIKELO YA TINTHU TOSAONEKA

Zinthu zambiri, monga madzi, shuga kapena mafuta a nsawa, nzomangidwa ndi timibulu tating'onong'ono tochedwa mamolekyu, ndipo molekyu iri yonse njomangidwa ndi maatomu. Atomu iri yonse iri ndi kulemera kwace. Ophunzira anapangana kuti atomu ya haidrojeni, yopepuka koposa zonse, aziiwerenga 1. Pa muyeso womwewo ya kaboni ndi 12, ya oksijeni ndi 16. Molekyu ya madzi iri ndi haidrojeni ziwiri ndi oksijeni imodzi, motero kulemera kwace ndi 18. Ya shuga wa mu tiyi ndi 342.

Tsono tiyeni tiwerengere pamodzi. Mankhwala amene mapira ambiri amaturutsa, ochedwa 5-deoxystrigol, ali ndi kaboni 19, haidrojeni 22 ndi oksijeni 5. Mwana wa sukulu atenge pensulo: 228 kuonjeza 22 kuonjeza 80, yankho ndi 330. Strigol ali ndi oksijeni imodzi yoonjezera, motero iye ndi 346. Munthu akakhala ndi sikelo yotha kupima molekyu, angathe kuzindikira mankhwala ndi nambala yace, monga kalaliki wa pa depoti amazindikira thumba la thonje ndi thumba la cimanga pongoona mubvi wa sikelo, osalimasula. Sikelo yotereyi iripo, ndipo dzina lace ndi mass spectrometer.

Kuti timvetse magwiridwe ace, tikumbukire amai pouluza mapira. Amakweza licero m'mwamba natsanula, mphepo iri kuomba kucokera mbali imodzi. Maso olemera amagwa pafupi ndi mapazi ao, mphwepwa zimagwa patsogolo pang'ono, mungu umauluka kutali. Palibe amene wapima diso liri lonse pa lokha, koma mphepo yazisiyanitsa monga mwa kulemera kwace, ndipo malo amene cinthu cagwera ndiwo anena kulemera kwace. M'makina aja mphepo yace ndi mphamvu ya magetsi kapena ya maginito. Koma mphamvu imeneyi siikankha molekyu wamba. Molekyuyo iyambe yapatsidwa nyese ya magetsi. Ndiponso m'kati mwa makina muyenera kupopedwa mpweya wonse, kuti timibulu touluka tisagundane ndi mpweya ndi kusocera. Kunena zoona, cimene makina amapima ndi kulemera kogawidwa ndi nyese imene molekyu yanyamula. Koma mamolekyu ang'ono onga awa kawiri kawiri amanyamula nyese imodzi yokha, cotero nambala imene ioneka ndi kulemera komweko.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. M'zaka za 1912 ndi 1913 Bambo J. J. Thomson wa ku Cambridge, ku England, anaulutsa mpweya wochedwa neon pakati pa magetsi ndi maginito, naona kuti wagawika pawiri, wina wolemera 20, wina 22. Wothandiza wace, Francis Aston, anamanga makina abwino koposa mu 1919, nalandira mphotho ya Nobel mu 1922. Koma makina oyambawo anali a zinthu zouluka monga mpweya. Mankhwala ambiri a m'zomera ukawaocha kuti auluke amangopserera, monga nsima siingasanduke nthunzi. Amene anatsegula khomo ndi John Fenn wa ku America, m'zaka za m'ma 1980. Iye anaonetsa kuti madzi okhala ndi mankhwala akapitirizidwa pa kasingano kobooka kokhala ndi magetsi a mavoti zikwi zingapo, amaturuka ngati nkhungu ya timadontho tonyamula nyese. Timadonthoto timauma m'kamphindi, ndipo mamolekyu amatsala ali kuuluka okha, athunthu, ali ndi nyese yao. Anampatsa mphotho ya Nobel mu 2002, ali nkhalamba ya zaka 85.

Patsala msampha umodzi. Pali mankhwala ena a banja lomweli ochedwa orobanchol. Maatomu ace ndi ofanana ndendende ndi a strigol, kulemera kwace ndi 346 yemweyo, koma oksijeni imodzi inakhala pa malo ena. Kwa sikelo awiriwa ndi mapasa. Kwa kaufiti ndi anthu osiyana. Cifukwa cace makina aja sagwira nchito okha. Patsogolo pace amalumikizapo kampope kacitsulo, kotalika ngati cala kapena cikhato, kodzazidwa ndi ufa wosalala kwambiri. Madzi a ku mizu amakankhidwa kupyola mu ufawo, ndipo mankhwala ena amakangamira ku ufa nacedwa, ena amapita msanga. Motero amaturuka mmodzi mmodzi, yense pa mphindi yace, monga ng'ombe zituruka pa cipata copapatiza ca khola. Njira imeneyi anaiyamba Mikhail Tsvet, katswiri wa zomera wa ku Russia, amene ca m'ma 1903 anathira madzi a masamba pa ufa wa coko m'kabotolo kagalasi naona mtundu wobiriwira ukugawika m'mizere yobiriwira ndi yacikasu. Amene anadonthezapo madzi pa kalata yolembedwa ndi inki naona inkiyo ikumwazika m'mitundu iwiri kapena itatu, anaona cinthu comweco.

Tsono ulendo wonse umayenda motere. Wofufuza amabzala mapira kapena cimanga mumcenga wotsukidwa kapena m'madzi. Pakapita masabata angapo amatunga madzi amene azinga mizu, nawasefa kuti mankhwala ofunikawo atsalire pa kasefa, kenaka nkuwasungunula m'timadzi tocepa, tosadzaza nkomwe supuni yaing'ono. Asanayambe zonsezi amathiramo dala muyeso wodziwika wa mankhwala opangidwa ndi anthu, ofanana ndi amene akufunawo koma olemererapo pang'ono. Cimeneci ncanzeru. Ngati theka la mankhwala odziwikawo latayika pa njira, iye adziwa kuti theka la enawo latayikanso, ndipo akonza ciwerengero cace. Ndi monga munthu wotumiza matumba pa lole amene aikapo thumba limodzi lopimidwa kale, kuti adziwe ngati sikelo ya kumene akupita iri yoona.

Kadontho kamodzi kamalowa m'kampope kaja, kamaturukira pa singano ya Bambo Fenn, ndipo mamolekyu amalowa m'cipinda copanda mpweya. Mmenemo muli tindodo tinai tacitsulo togona motsatana, ndipo magetsi a pa tindodoto amasinthasintha mofulumira kwambiri. Wofufuza akacherera makina pa nambala 331 (ndiyo 330 ija, kuonjezapo haidrojeni imodzi imene yabweretsa nyese), molekyu yolemera motero yokha ndiyo ipyola pakati. Zina zonse zimayenda mokhotakhota nkukagunda tindodo. Zimene zapyola zimalowa m'cipinda caciwiri, mmene zimagundanitsidwa dala ndi mpweya pang'ono kuti zisweke. Molekyu iri yonse imasweka pa mfundo zace, monga nzimbe. Mankhwala a banja la strigolactone ali ndi kamkombero kamodzi kofanana mwa onse, ndipo kakathyoka kamalemera 97. Tindodo tina tinai timasankha cidutswa cimeneco, ndipo kumapeto kuli cowerengera cimene cimawerenga zidutswa zofika. Pa kompyuta pamaoneka mzere wokwera ngati culu. Kukula kwa culuco ndiko kucuruka kwa mankhwala.

Motero mboni zimakhala zitatu: mphindi imene mankhwala aturukira m'kampope, kulemera kwa molekyu yathunthu, ndi kulemera kwa cidutswa cace. Zitatuzi zikabvomerezana, mlandu watha.

Nanga makinawa amamva pang'ono pofika pati? Kupeza gawo limodzi m'magawo 1,000,000,000 ndi nchito ya masiku onse kwa iwo. Diso la cimanga limalemera pafupi fupi gawo limodzi mwa magawo atatu a galamu. Cotero tinene kuti mwabisa diso limodzi lofiira m'matumba oposa 6,000 a cimanga coyera, a makilogalamu 50 liri lonse, makinawa angalipeze.

CIFUKWA NINJI CIMANGA CIMAITANA MDANI WACE?

Ili ndilo funso limene mkuru wa pa msonkhano uja akadafunsa kaciwiri. Palibe nkhuku imene imaitana kabawi. Yankho linacokera ku Japan mu 2005, pamene Kohki Akiyama ndi anzace anaonetsa kuti muzu suitana kaufiti konse. Uli kuitana bwenzi. M'nthaka muli mtundu wa bowa wosaoneka ndi maso, wa tiulusi topyapyala koposa tsitsi. Bowa ameneyu amalowa m'mizu ya mbeu zambiri, natambasula tiulusi tace kutali kumene muzu sungafike, natengera mbeuyo fosifolasi. Mbeu nayo imamlipira shuga. Strigolactone ndiye mau oitanira bowayo: akawamva, amacita nthambi zambiri kulunjika ku muzu. Kaufiti anangophunzira kumvetsera kuseri kwa nyumba.

Apa ndipo nkhani ifika pa munda wa ali yense wa ife. Mu 2007 Kaori Yoneyama ndi anzace a ku Utsunomiya, ku Japan komweko, anapima ndi makina aja madzi a ku mizu ya mbeu zodyetsedwa bwino ndi a mbeu zomanidwa cakudya. Anapeza kuti mapira osowa fosifolasi kapena naitrojeni amaturutsa mankhwala oitanirawo kucuruka kwambiri kuposa mapira okhuta. Ofufuza a ku Wageningen, ku Netherlands, anaona zomwezo pa mpunga ndi mapira, ndipo anaonanso kuti kumene kuitana kwacepa, kaufiti womera ndi womatira amacepanso. Mbeu yanjala imapfuula kuitana thandizo, ndipo pamene ipfuulitsa, mbala zambiri zimadzuka. Alangizi akhala akunena kuyambira kale kuti kaufiti ndi matenda a munda wotopa, ndipo alimi anaona okha kuti pa culu ndi pa khola lakale iye sacuruka. Cimene makina anaonjezapo ndico cifukwa cace.

Mwina wina adzati, bwanji osapanga cimanga cosaitana konse? Mu 2008 magulu awiri a ofufuza, lina pa nsawawa ndi lina pa mpunga, anapeza kuti mankhwala omwewa amagwiranso nchito m'kati mwa mbeu: ndiwo amailetsa kucita mphukira zambiri. Mpunga wosatha kuwapanga umafupika nucita ana osawerengeka. Cotero mbeu yosalankhula konse ikataya bwenzi lace la m'nthaka, ikatayanso msinkhu wace. Cofunika si kuitseka pakamwa, koma kusintha mau ace.

MAPIRA AMENE KAUFITI SAWAMVA

Gebisa Ejeta anabadwira m'mudzi ku Ethiopia, naphunzira mpaka kukhala mphunzitsi wamkuru pa yunivesite ya Purdue ku America. Iye ndi anzace anasankha mitundu ya mapira imene siidzutsa kaufiti kwambiri, naiperekanso ku maiko a mu Africa, ndipo mu 2009 analandira World Food Prize cifukwa ca nchito imeneyi. Umodzi wa mitundu imene anagwiritsa nchito ndi SRN39. Kwa zaka zambiri kunali kosabvuta kuganiza kuti mapira amenewa amangoturutsa mankhwala ocepa. Koma mu 2017, atapima ndi mass spectrometer, anaulula kuti si tero ai. Mapira wamba amaturutsa 5-deoxystrigol, uja wa 330. SRN39 amaturutsa orobanchol, uja wa 346, amene sadzutsa kaufiti wa mapira mwamphamvu, koma bowa wa m'nthaka amamumvabe. Kusiyana konseku kucokera pa kacidutswa kamodzi ka cibadwa ca mbeu kamene anakacha LGS1. Popeza tsopano kakudziwika, obereketsa mbeu angathe kukafunafuna m'timbande tating'ono, osadikira kuti munda wonse ukule ndi kugwidwa.

Za cimanga zinacedwerapo, pakuti mankhwala ace ndi a mapangidwe ena. Waukuru mwa iwo ndi zealactone, amene kaufiti amamumva msanga. M'mwezi wa January 2023 gulu la Harro Bouwmeester la ku Amsterdam linalengeza kuti litapima mitundu yambiri ya cimanga linapeza ina imene imaturutsa makamaka zealactol ndi zealactonoic acid, ndipo awiriwa sadzutsa kaufiti kwambiri. Alimi asathamangire ku sitolo kukafunsa mbeu imeneyi ndi dzina. Cimene cinapezeka ndi cida ca obereketsa mbeu, ndipo kucokera m'nyumba yopimira kufika m'thumba la mbeu yoyenera mvula ndi nthaka ya kwathu ndi ulendo wa zaka.

Tisakometse makinawa koposa muyeso. Mtengo wace ngwaukuru, amafuna magetsi osazimazima, mpweya wa m'mabotolo, ndi munthu wophunzira wowasamala tsiku ndi tsiku. Mbeu yokulira mumcenga wotsukidwa siifanana m'zonse ndi ya m'munda wa katondo, mmene muli tizirombo tosawerengeka timene timaononga kapena kusintha mankhwalawo. Ndiponso makina amapeza bwino cimene munthu wawauza kufuna. Mankhwala a cimanga anakhala osadziwika nthawi yaitali cifukwa anthu anali kufunafuna nambala za thonje ndi mapira. Ngakhale mbeu yosaitana kwambiri, ikabzalidwa m'munda wodzala ndi mbeu za kaufiti, zina zidzamerabe.

Alimi a nsawa adziwenso kuti makina a mtundu womwewu ali m'gulu la zopimira zimene maiko ogula amayesera cuku. Poizoni wa cuku, aflatoxin, anadziwika pambuyo pa caka ca 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya ca nsawa zocokera ku Brazil. Maiko a European Union salola nsawa zodya anthu zopitirira magawo 4 m'magawo 1,000,000,000, ndiwo maso anai ofiira m'matumba 6,000 aja. Amene amawaza madzi pa nsawa kuti zisabvute kusenda aziganizira zimenezi.

ZOCITA M'MUNDA MWATHU

Strigol woyamba anapezeka m'thonje, koma kaufiti wa cimanga samera pa thonje. Muzu wa thonje umamdzutsa, iye namera, nasowa pogwira, nafa. Soya, nsawa, khobwe ndi mpendadzuwa zimacitanso cimodzimodzi, ngakhale mphamvu yace imasiyana ndi mtundu wa mbeu. Ici ndico cifukwa cace kasinthasintha wa mbeu amaposa kungogoneka munda: m'munda wogonekedwa mbeu zambiri za kaufiti zimagona nao, ndipo maudzu ena a kuchire amamsunga, koma m'munda wa thonje kapena soya zimadzutsidwa nkufa. Caka cimodzi sicikwanira kutha nkhokwe ya zaka khumi, pafunika kubwereza. Ku America anacita cinyengo comweci ndi mpweya wa ethylene wopopera m'nthaka, pamodzi ndi mankhwala opha udzu ndi kulonda minda caka ndi caka, mpaka malo ogwidwa anatsala ocepa kwambiri. Ku Kenya, bungwe la ICIPE pamodzi ndi a ku Rothamsted anapeza kuti Desmodium wobzalidwa pakati pa mizere ya cimanga amaturutsa mankhwala ena oletsa kamuzu ka kaufiti kumatira. Cenjezo nlakuti khobwe ndi nsawa ziri ndi kaufiti wao wa maluwa acikasu, Alectra; mukamuona ameneyo, munda umenewo upumule ku mbeu za mtundu wa nyemba.

Za cakudya ca mbeu, nthawi ndiyo yofunika. Kuitana kuja kumacitika m'masabata oyamba, mizu iri yanthete. Feteleza wa Compound D, amene nambala zace pa thumba ndi 10-20-10, ali ndi fosifolasi pa nambala yapakatiyo, ndipo nchito yace ndi pobzala kapena cimanga citangomera. Wothira mocedwa, cimanga ciri m'maondo, wapeza kaufiti atagwira kale. Amene alibe ndarama za feteleza wokwanira munda wonse, ndi bwino alime malo ocepa odyetsedwa bwino, ndi kuthira manyowa a khola kapena a kompositi m'maenje obzalamo, kusiyana ndi kumwaza pang'ono ponse ponse.

Kaufiti amene waturuka kale azulidwe asanacite maluwa, kapena maluwa atangoyamba, pakuti pakapita masabata awiri kapena atatu mbeu zace zimakhala zitakhwima. Kuzula sikupulumutsa cimanga ca caka cino, ndipo cifukwa ca ici ambiri amagwa mphwayi. Koma tsinde liri lonse lozulidwa ndi mbeu zikwi makumi ambiri zimene sizidzalowa m'nthaka. Musamuunjike m'mphepete mwa munda kapena kumkwirira mumzere, cifukwa wozulidwa ali ndi maluwa amatha kukhwimitsa mbeu ali pansi pomwepo. Mumnyamule m'thumba, mukamtenthe pa malo amodzi. Pitirizani kuyendera munda ngakhale mutakolola, pakuti ena amacita maluwa m'mapesi m'miyezi ya April ndi May. Khasu ndi pulawo zocokera m'munda wogwidwa zigwedezedwe dothi zisanalowe m'munda wina, ndipo mbeu yobzala isaumikidwe pansi m'munda wa kaufiti. Amene afuna kudziwa mitundu ya cimanga ndi mapira yopirira kaufiti imene ipezeka m'boma lao caka cino afunse mlangizi wa zaulimi wa m'dera lao mvula isanagwe.